A Paterson Amayeza ndi Foni Zomwe

Alamu anga a Paterson ndi munthu wovuta, ndinene pano. Zaka makumi awiri akhala akuyeza magalimoto pa galaja ina ku Croydon, ndipo yanga yomwe anaimanapo MOT, chiphaso choyendera pamsewu, chifukwa cha mabuleki. Ine mlamu wawo, tangoganizani! Koma ndimawakonda, chifukwa mchemwali wanga Winfrida ali m'manja abwino.

Winfrida amadwala shuga. Amavala kachipangizo koyeza shuga pamkono, ndipo shuga akatsika foni imalira kuti adye msanga. Tsiku lina masana, akuchokera kuntchito, anangoti khu m'tramu, sitima yoyenda mumsewu. Foni inali duu m'chikwama. Kunapezeka kuti pulogalamu ya shuga ya m'foniyo inadzisintha yokha, kulira n'kuzima. Mwamwayi m'tramumo munali namwino.

A Paterson anayamba kudikira kalata. Pajatu kuntchito kwawo, opanga magalimoto akapeza bawuti imodzi yolakwika amalembera mwini galimoto aliyense kuti abweretse, akonze ulere, boma likuyang'ana. Iwo ankati opanga pulogalamu ija nawonso atero. Mwezi unatha, ziii. Atalembera okha kampaniyo, anayankhidwa ndi makina kuti Winfrida anavomereza malamulo onse tsiku lomwe anadina pulogalamuyo koyamba.

“Ndiye galimoto ikakana mabuleki tiziti woyendetsa anavomereza?” anandifunsa, maso ali psuu. Ine ndinalusa kuposa iwo, mpaka kutukwana.

Iwo sanataye nthawi ndi mkwiyo. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi amakhala patebulo, magalasi pamphuno, n'kuyeza foni ya mkazi wawo. Amailiza, amaiponya m'chikwama, amapita nayo kukhitchini kuti amve ngati ikumvekabe ketulo ikuwira. Winfrida amangoseka: “Bambo, foniyo ilibe matayala!” Pano amayi ena a kutchalitchi amabweretsanso zawo, tiyi n'kumamwedwa, nkhani zili gwedegwede.

Sabata yatha foni ya Winfrida inakananso kulira. A Paterson anaitembenuza chafufumimba. “Yalephera. Mawa mutenge koyezera shuga kobaya chala kaja.”

Ine ndinayambanso kulalata kuti kampaniyo iyankhe, kodi anthu ndi nkhuku? Winfrida anandigwira dzanja.

“Effie, a kampani aja dzina langa salidziwa,” anatero, akuthira shuga m'kapu ya amuna ake. “Ine ndikagwa, amene sagona ndi awa.”