Tsiku limene anesi anadikira yankho

Amayi anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere ine ndili mu Fomu 2. Atabwerera kwathu kwa Katunga, anapatsidwa mapiritsi oti azimwa limodzi tsiku lililonse kwa zaka zingapo kuti matendawo asabwererenso. Mwezi ndi mwezi ndinkawaperekeza pa kabaza kuchipatala cha paboma kukatenga ena.

Kutayamba kutentha, cha mu Okutobala, anasiya kumwa. Kwathu kuno dzuwa la nyengo imeneyo ngakhale mbuzi zimalithawa, koma amayi ankati moto wawo ukuchokera m'kati. Unkayambira pachifuwa n'kukwera kumaso, thukuta lili kamukamu, iwo ali chikhalire pamthunzi kutumbula nsomba zokagulitsa.

"Timapiritsi timeneti tikundiwotcha," anandiuza tsiku lina. "Koma usakanene."

Sindinanene. Ndinkangowayang'ana pachifuwa akamasintha malaya, kuopa kuona chotupa china. M'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, masamba a mwezi umenewo ali ndi mawu ochepa kwambiri.

Anesi athu ankafunsa funso limodzi, maso ali pakhadi: "Mukumwa bwinobwino, eti?" Amayi ankati, "Eya." Nanga munthu wa yunifolomu akakufunsa chotero, ungayankhenso chiyani?

Ulendo wotsatira tinawapeza anesi omwewo ali ndi tizingwe m'makutu, foni itatsamira pa botolo la madzi. Atationa anachotsa tizingweto.

"Mwanawe, usandiseke, nanenso ndabwerera kusukulu," anatero kwa ine. "Yanga ndi ya pafoni, netiweki ikalola. Akutiphunzitsa ife osamalira odwala khansa kutseka pakamwa."

"Inuyo asisita?" anatero amayi. "Ndiye aphunzitsiwo ntchito ali nayo."

Anesi anaseka mpaka kugunda tebulo. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi amayi.

"Amayi, ambiri amene amamwa mapiritsi awa amavutika nawo, ena amafika posiya. Inu akukuvutani pati?"

Atafunsa anangokhala chete. Cholembera sanachigwire. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi, ndikupemphera kuti wina alankhule koma asakhale ine. Panja mwana ankalira pa sikelo. Anesi anadikirabe.

Amayi anayamba m'Chisena, monga amachitira chinthu chikawakhudza, kenako anabwerera ku Chimang'anja. Ananena za moto uja, za thukuta, ndi zoti mapiritsi ali m'kachitini, osakhudzidwa.

"Inu mumaganiza kuti n'chiyani?"

"Ndimati matenda akuyenda m'thupi, mankhwalawa akuwakolezera."

Anesi sanakalipe. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti kutentha koteroko n'kodziwika pa mapiritsi amenewa, sikutanthauza kuti khansa ikufalikira, ndipo kwa ambiri kumacheperako. Anawapima pachifuwa ndi m'khwapa, osapeza kanthu. Pamenepo ndinazindikira kuti ndaluma mlomo mpaka kutupa.

"Ndiye tichite bwanji kuti muzitha kumwa?" anafunsa.

Amayi anaganiza kaye. "Mwina madzulo, ndikasamba, dzuwa litapepa."

"Yesani choncho, ndi kansalu konyowa pakhosi. Zikakanika mubwere, musadikire tsiku lanu."

"Takhuta," anathokoza amayi m'Chisena akuimirira.

Madzulo ake, atasamba, anakhala pamkeka tsitsi likudonthabe. Anatsegula kachitini kaja okha.

"Tandipatsa madzi a mumtsuko, osati a m'ndowa."

Ndinawapatsa. Anameza, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Ukundiyang'ana chiyani? Pita ukawerenge."