Msomali wa m'mpini

Ndikukumbukila chaka chimene ndinali mu giledi naini kufupi ndi Minga, pamene sayansi inandilowa m'mutu ngati thobwa lokhalitsa. Tsiku lina aphunzitsi anabwela ndi timitengo titatu: ka mkuwa, ka chitsulo, ndi kamtengo wamba. Kumapeto kwa kalikonse anamata nyemba ndi phula la kandulo, mbali inayo n'kuika pamoto. Nyemba ya pamkuwa inagwa tisanamalize n'kukhala pansi. Ya pachitsulo inazengeleza, kenako nayonso inagwa. Kamtengo kanangopsa kunsonga, nyemba yake ili phee. Madzulo ndinalemba m'kabuku kanga kuti kutentha kumayenda m'zitsulo koma m'mtengo sikudutsa, ndipo ndinadula mizele iwili pansi pake.

Loweluka lotsatila kunali ukwati kwathu, ndipo asisi anga a Tisa anasankhidwa kutsogolela gulu lawo la atsikana asanu ndi mmodzi ovina pamzele. Anali atayeseza mwezi wathunthu. Kutatsala tsiku limodzi, chotsala chinali tsitsi. Masiku amenewo tinkaliwongola ndi kachitini koboola pansi, koikamo makala amoto, kogwila ndi sanza. Ine ndinalengeza kuti zasanza n'zachikale. Ndinadula mpini wa mtengo, ndinaukhomela kuchitini ndi msomali wautali umene ndinazula pakhola la mbuzi. Msomaliwo unakhota, nsonga yake n'kutulukila m'mbali mwa mpini. Ndinangoipinda ndi mwala, n'kupukuta manja ngati injiniya.

Asisi anakhala pampasa, mutu wonyezimila mafuta. Tsitsi linkalila kuti tsss, fungo lake ngati nthenga za nkhuku yowaula, ndipo linkagona bwinobwino. Atsikana enawo anafola kudikila nthawi yawo. Ine pakamwa sipanatseke, ndinkawafotokozela za mkuwa ndi nyemba, mpaka mbali yakumanzele ya mutu inatha yonse.

Kutentha kunali kukwela msomali pang'onopang'ono. Kunafika pachala changa chachikulu ndili pakati pa chiganizo. Ndinakuwa, ndinasiya mpini, chitini chinakhala pamutu pa asisi kamphindi, n'kugubuduka. Makala anamwazika, nkhuku zinathawa, atsikana anabalalika. Pamwamba pa khutu lakumanja panatsala dazi lozungulila ngati kamwa la kapu.

Asisi anapagwila, n'kundiyang'ana.

"Iwe wasayansi," anatelo motsitsa mawu, "mailo paukwati ukavine ndiwe."

Ndinayamba kuseka, chala chili m'kamwa, misozi ikutsika, osatha kuleka ngakhale ndinkaopa. Amai owaphunzitsa kuvina anabwela, anazungulila mutuwo kawili, nanena kuti wina atsogolele. Asisi sanalile, anangoyamba kupinda mpasa. Apo kuseka kunandithela. Ndinagwada, ndinapempha kuti onse asanu ndi mmodzi avale zitambala, ndipo ndinapeleka chitenje changa chatsopano, chimene ndinali ndisanachivalepo, kuti achidule. Anachidula ine ndikuona.

Paukwati asisi anatsogoleladi. Anavina mpaka fumbi linafika m'mitengo ya mango, ndipo azimai ochokela ku Nyampande ankafunsana ngati zitambalazo ndiye fashoni ya ku Lusaka.

Lelo ana athu amawongola tsitsi m'masaluni a m'tauni ya Petauke, ndi zipangizo zamagetsi za mipini ya pulasitiki, ndipo kachitini ka makala sakadziwa n'komwe. Asisi ali ndi saluni yawoyawo. Ndikapitako amandilola kusesa, kutunga madzi ndi kucheza ndi makasitomala. Chilichonse chotentha amachiika kutali ndi ine.