Nkhope za mu Sutikesi ya Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko nkudzuka, poti usiku wonse ndinangotsamira khoma la siwa. Amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi nyimbo. Panja mwera unkawomba, ndipo azibambo anaunjikana pamoto atafunda zitenje za akazi awo opanda ndi manyazi omwe.

Bambo anga anali wojambula zithunzi pano pa Chipoka kuyambira ine ndisanabadwe. Ukwati, ubatizo, Idi, timu ya mpira, munthu wogula njinga yatsopano, onse ankaima pamaso pawo. Chithunzi chilichonse ankatsukitsa ziwiri, china cha mwini wake, china chawo. Zawozo ankasunga mu sutikesi yachitsulo yobiriwira, pamodzi ndi mapositikhadi akale a doko ndi siteshoni amene ankatolera kulikonse.

Sutikesi imeneyo ndiyo inandisowetsa tulo. Azakhali a ku Chinguluwe, mlongo wawo wa bambo, anali atagamula kuti ilowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Akuti munthu sasiyanitsidwa ndi chimene ankachikonda, angamabwere kumaloto kudzachifunsa. Azakhaliwo sanaitsekulepo ndi kale lonse. Bambo akawaitana kuti adzaone, ankayankha kuti sacheza ndi nkhope za akufa. Kwathu kuno mwana alibe mawu pa katundu wa bambo ake, ndipo azakhali akanena, ngakhale mbuzi imasiya kulira. Koma ine mutu ndinatengera bambo, wouma gwa!

Kutacha, moto wophikira unayaka kuseri kwa nyumba. Mpunga unafika pangolo, nkhuni pamitu. Adzukulu popita kokumba anauzidwa kuti asiye malo a sutikesi kumiyendo. Anthu anayamba kukhamukira: asodzi manja akununkhabe usipa, anansi athu Asilamu atavala makofia oyera, nkhalamba zimene zinkagwira ntchito kunjanji, ena pa kabaza, ena pa lole.

Ndinakagwada pamaso pa azakhali.

“Azakhali, sindikukana ayi. Koma munthu saikidwa anthu asanaone nkhope. Mu sutikesimu mulinso nkhope.”

Mwambo ndi mwambo, sakanaukana pagulu.

“Bokosi likamanyamuka, zonse zibwerere momwemo. Wamva?”

Ndinamanga zingwe zoyanikira zovala pakati pa mitengo ya mango, nkubwereka mapegi mudzi wonse, chifukwa mwera uja ukanatengera zithunzizo ku Chinguluwe. Ndinayanika zithunzi ngati matewera. Anthu akatuluka koona nkhope ya bambo, ankadutsa pomwepo.

Abale inu, sindinaonepo maliro otere. Mkulu wina wa kofia anaima pa chithunzi cha bwato la bambo ake, nkumapukuta maso ndi mkono wa mkanjo. Mayi wina anadzipeza ali mkwatibwi, nkufuula kuti, “Kodi ine ndinali ndi khosi chonchi?” Achinyamata ankatsutsa kuti siteshoni yodzaza anthu chotero singakhale ya pa Chipoka, mpaka nkhalamba za kunjanji zinawaloza mtengo umene ulipo mpaka lero. Ena anaona msika wakale, pamalo pamene tsopano pali madzi okhaokha. Abusa anabwera kudzaletsa phokoso, koma anadzipeza atavala kabudula pa timu ya mpira, ndipo anabwerera akumwetulira.

Kenako kunabwera azakhali, nkhope ili gwa, kuti adzaanule okha. Anachotsa chimodzi, chachiwiri. Atafika pa positikhadi ina yofiirira, dzanja linaima m'malere. Panali mayi wosenza dengu la nsomba pasiteshoni, wa mphini m'masaya, ndi kamtsikana katagwira nsonga ya chitenje chake.

“Amayi,” anatero azakhali, motsitsa ngati akuopa kuwadzutsa.

Agogo anamwalira azakhali asanathe msinkhu, ndipo azakhali ankaganiza kuti mayi awowo sanajambulidwepo. Kamtsikanako kanali azakhaliwo. Anakhala pansi pamchenga pomwepo, nkulira kuposa mmene analirira usiku wonse. Inenso ndinalira, sindibisa.

Bokosi litatuluka, adzukulu anabwera kudzatenga sutikesi. Onse anayang'ana azakhali. Iwo anadzuka, nkudzisasa mchenga.

“Ikanimo kamera yokha. Akafuna zinazi, adzabwere kwa ine kumaloto.”

Tinayenda ulendo wa kumanda mwera uli kumaso, nyimbo ikuthawira kumbuyo. Bokosi linkapatsiranidwa paphewa ndi paphewa, Akhristu ndi Asilamu omwe, sutikesi yopepukayo ili pambuyo. Tinawaika bambo dzuwa litapendeka, kamera yawo kumiyendo. Dothi ndinaponya mtima uli m'malo.

Madzulo ake nyumba inali zii. Mabenchi anabwerera kutchalitchi, moto unazima, pabwalo panangotsala mapazi ndi zingwe zanga. Zithunzi ndinazilongedza m'malichero awiri, poti sutikesi inapita. Azakhali anakhala pamphasa pafupi ndi nyali, positikhadi ija ili pamiyendo. Kenako anakokera lichero pafupi, nkupukuta manja pachitenje.

“Tandipatsa china, mwana wa achimwene. Anthu awa ine ndikuwadziwa.”