Dontho la Mvula pa Tsamba la a Shomari

Mvula yaikulu ikayamba mu Epulo ku Dar es Salaam, chilichonse chimakana kuuma: malaya pachingwe, mchere m'botolo, ngakhale inki papepala. Ine ndinakulira kumapiri a Uluguru, kumene mvula yotere timaiyembekeza ngati mlendo wolemekezeka. Koma a Shomari Kibwana, amene tinkachita nawo lendi m'nyumba imodzi ku Magomeni, ankaiyang'ana ndi diso lofiira.

A Shomari ankajambula nthano ya zithunzi m'magazini ina yotuluka Loweruka, momwe ine ndinkalembamo ndakatulo. Owerenga ndakatulo zanga anali ochepa. Tsamba lawo ndilo anthu ankalimbirana m'mabasi ndi pomwera khofi: nkhani ya wogulitsa nsomba wamimba yaikulu amene khwangwala wina sankampatsa mtendere. Tsambalo linkayenera kufika kwa mkonzi, a Lyimo, Lachinayi dzuwa lisanafike paliwombo, pakuti masana ake makina ankayamba kusindikiza.

Inki a Shomari ankathira Lachinayi lomwelo m'mawa. Nyengo ya mvula ankaumitsa pepala pamwamba pa mbaula ya akazi awo, mayi Zuhura, amene ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pakhonde. A Lyimo ankati tsamba la Shomari amalidziwa ndi mphuno lisanafike patebulo.

Lamlungu m'mawa a Shomari sankapezeka pakhomo. Ankapita kukanema kumene ankaonetsa makatuni akalekale, opanda mitundu, ndipo ankakhala pakati pa ana ndi imvi zawo, n'kumaseka chinthu chisanachitike. Woyendetsa makina a kanemayo anawapatsa kachidutswa ka filimu kotayidwa, ndipo anakapachika pamsomali wa pazenera. Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone pa dzuwa. Munali tizithunzi totsatizana ta galu wodumpha mpanda. Koyamba kanali galu, komaliza kanali galu, koma kapakati sikanali galu ayi. Kanali mzere wautali wofufutika, maso ali mbwee, miyendo ngati utsi.

Ndinati mwina pamenepo filimu inaonongeka.

"Alakatuli inu, maso muli nawo ongolirira mwezi," anatero. "Kumeneko ndiye kudumphako. Munthu anakhala pansi n'kujambula mphepo. Diso silikaona kameneka, koma mtima umakamva."

Chaka chimenecho malungo anawagwira, tsamba linachedwapo, ndipo a Lyimo anawauza mosabisa kuti likadzachedwanso adzaikapo zithunzi zakunja zimene zimabwera zojambulajambula, ndipo malowo sadzabwereranso. A Shomari analibe ntchito ina imene manja awo ankaidziwa.

Lachinayi lotsatira mvula inayamba mbandakucha, yosalekeza, ya mtundu uja umene kwathu umagwetsa nthochi. Kabokosi komaliza ka tsambalo kanali ka wogulitsa nsomba akuthamangitsa khwangwala amene wamulanda nsomba yaikulu. Atamaliza kuthira inki anatuluka nalo pakhonde, ine ndili pomwepo ndikudikira kuti tipitire limodzi. Anatambasula pepala pamwamba pa moto. Pamenepo dontho limodzi linachoka kumalata n'kugwera pamimba penipeni pa wogulitsa nsomba. Inki inamwazika, miyendo inasungunuka.

Mayi Zuhura sanasiye kutembenuza zitumbuwa. "Bambo a Mwanaidi, za denga ili ndinakuuzani mvula ya chaka chatha. Inu n'kumajambula akhwangwala."

A Shomari anachotsa pepala lija pamoto. Ndinati amate kapepala kena pamenepo ajambulenso, koma tonse tinkadziwa kuti guluu sauma tsiku lotere, ndipo nthawi inali itatha. Madzi aja anali kuyenderera pang'onopang'ono kulowera kumutu kwa munthu wawo.

A Shomari anatembenukira kuzenera, kumene kachidutswa ka filimu kankalendewera. Kenaka anaika pepala pabondo, anasindikiza chala chachikulu pa inki yonyowayo, n'kuchikoka kamodzi kokha kulowera kumbuyo. Mimba ija inasanduka mzere wautali wakuda, wothera ngati utsi. Anatenga peni pakhutu. Kutsogolo kwa mzerewo anaika maso awiri otong'oka ndi dzanja lotambasuka. Kumbuyo anajambula nkhwaira ziwiri zitatsala m'malere, ndi chipewa chosadziwa kuti mwiniwake wapita.

Ndaonapo mphepo ikugoneka mpunga m'dambo, ndipo ndakhala ndikulephera kuiika m'mawu. Tsiku limenelo ndinaiona papepala. Munthu uja ankathamanga ndithu, moti ndinadzipeza ndikuyang'ana kumphepete kwa tsamba kuti ndione ngati watulukira kumeneko. Mayi Zuhura anasuzumira, chitumbuwa chimodzi n'kupserera m'mafuta.

A Shomari anaumitsa pepala pang'ono, analikulunga m'pulasitiki, n'kulibisa m'malaya. Basi inatisiya patali chifukwa msewu unali utasanduka mtsinje, ndipo tinaoloka madzi a m'mawondo, iwo atagwira pachifuwa ngati wanyamula khanda. Tinalowa kwa a Lyimo amakina atayamba kale kupukuta manja kuti ayambe kusindikiza.

A Lyimo ananunkhiza tsambalo monga mwa masiku onse, kenaka maso awo anaima pa kabokosi komaliza.

"Shomari, wagwetsera tiyi apa?"

"Ndi mvula, bwana."

"Mvulayo ikudziwa kujambula kukuposa iwe. Ukaiuze ibwerenso sabata yamawa." Anapereka tsambalo kwa amakina osakwezanso maso, n'kutiuza kuti tichoke, tikumunyowetsera pansi.

Denga lija anadzalikonza ndi mchimwene wa mayi Zuhura, mvula itapita, mphepo yozizira ya mu Juni itayamba kuomba kuchokera kunyanja. A Shomari anajambulabe tsamba lawo mpaka pamene maso anayamba kuwakana. Koma chimene ndimakumbukira ndi Lamlungu la sabata ya dontho lija. Ndinapita nawo kukanema koyamba. Magetsi atazima galu wina anadumpha mpanda pansalu yoyera, ana anakuwa, ndipo a Shomari anakweza chala chawo chachikulu, chikadali chakuda ndi inki, ngati akupereka moni kwa wojambula mnzawo wa kutali amene sanamuonepo nkhope.