Mmene wailesi yathu inaphunzirira kunena maliro

Wailesi yathu ya ku Mandimba tinaiyambira m'kachipinda komwe kale ankasungiramo chimanga. Anankafumbwe tinawapeza momwemo, ndipo sanasamuke msanga. Tinalipo ochepa: ine wapakamwa, mnzanga wamakina amene anaphunzira za mawaya ku Cuamba, ndi ena ongodzipereka. Ine ndinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, khutu lili pa wailesi, choncho ndinkadziwa kuti ntchitoyi ndiitha. Amayi anga ankadandaula kuti pakamwa panga sipapuma. Ndinawauza kuti asangalale, pakamwapo papeza ntchito.

Amumsika ankatiseka. Ankati ya ku Malawi ikumveka bwinobwino, nanga yanuyi itiuza chiyani, mtengo wa tomato amene tikugulitsa tokha? Zinkandiwawa, koma sindinkawaonetsa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wonyamula anthu panjinga, maso ali psuu. Amayi ake anali atamwalira m'bandakucha. Banjalo ndi lachisilamu, ndipo kwa Asilamu maliro sagonera. Shehe anali atanena kale kuti aika ikatha swala, pemphero lawo lamadzulo. Koma malume ake, mlongo wa malemuyo, mwini mbumba, anali ku nyanja ya Amaramba kuwamba nsomba, kumalo komwe foni sigwira. Wamthenga wapanjinga akanafika mochedwa. Malumewo ndi amene anabereka mlongo wawoyo kumbuyo pothawa nkhondo, ndiye aikidwe iwo kulibe?

Mnzanga wamakina anati ndiwerenge monga amachitira ena: dzina la malemu, mudzi, nthawi ya mwambo. Bamboyo anapukusa mutu.

"Malume asamve imfa ya mlongo wawo ikufuulidwa padooko," anatero. "Ndi achikulire."

Ankanena zoona. Kwathu kuno imfa suiponyera munthu ngati mwala. Wamthenga amafika, n'kukhala pansi, kulonjerana kaye, kenako n'kunena. Tsono wailesi ikhala pansi bwanji? Walira mvula walira matope: tinkafuna kuti anthu atifune, lero atifuna.

Ndinafunsa ngati malumewo ali ndi wailesi. Anati ayi, koma ogula nsomba padookopo ali nazo. Basi, ndinaona pogwira. Ndinatsegula mikolofoni, osatchula dzina la malemu, osalankhulanso ndi malumewo. Ndinalankhula ndi anzawo.

"Inu amene muli padooko ku Amaramba, chepetsani mawu a wailesi. Pali bambo achikulire a ku Mandimba amene amawamba nsomba pansi pa mtengo wa mango. Musawaitane patali. Pitani, mukhale pansi, muwalonjere. Mukatero muwauze kuti kwa mlongo wawo kwagwa zovuta, ndipo muwaperekeze lero lomwe. Maliro n'kulirana."

Bamboyo anabwereza mawu omwewo m'Chiyao. Tinanena kangapo. Mnzanga anandinong'oneza kuti sakudziwa ngati antena yathu imafika kutali choncho. Ndinamuyankha kuti ifika, ngakhale mumtima ndinali ndi mantha.

Masana ndinapita kusiwa, n'kukhala ndi amayi anzanga m'nyumba. Ine ndine Mkatolika wa ku Massangulo, koma pamaliro safunsa mpingo. Dzuwa linapendeka. Amuna anabwera kuchokera kumzikiti, ndipo jeneza, chonyamulira maliro chija, analiika pakhomo. Bambo wanjinga uja ankangoyang'ana kumsewu. Atangotsala pang'ono kunyamula, tinamva njinga yamoto. Inanyamula atatu: woyendetsa, mkulu wina pakati, ndi bambo wina kumbuyo atamugwira m'chiuno. Mkuluyo anatsika akununkha utsi wa nsomba, n'kugwira jeneza kutsogolo. Amuna atabwerako kumanda anatiuza kuti dothi loyamba anaponya ndi iwo.

Kuyambira pamenepo amumsika anasiya kutiseka. Ena mpaka anayamba kunena kuti ankadziwa kale kuti wailesiyi ipita patali. Ndinawasiya, bodza lotere silipha munthu.

Patapita masiku malumewo anabwera kukachipinda kathu. Anavula nsapato pakhomo, ngakhale ndinawaletsa. Anandiuza kuti woyamba kuwafikira anali mayi wina wogula nsomba, wosamudziwa n'komwe. Mayiyo anakhala pansi, anawafunsa za thupi, za nsomba, kenako ananena. Pambuyo pake panabweranso ena, aliyense kukhala pansi chimodzimodzi, ndipo iwo anangowalola onse kunena ngati sanamve kale. Kenako malumewo anayang'ana mikolofoni.

"Mwana wanga," anatero, "mbumba yanga ina ili ku Ngauma. Langa tsiku likadzafika, mudzawauze momwemo."

Ndinawalonjeza. Chaka chathachi tsiku lawo linafika, ndinauza a ku Ngauma momwemo, ndipo mawu anga sanagwedezeke mpaka nditatseka mikolofoni.