Kompyuta ya Mwana Wanga Sinagawidwe

Mwana wanga wamwamuna ankagwira ntchito kumalire, kuthamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki. Sanakwatire. Anzake akamagula njinga zamoto, iye ankabwera ndi timakatoni. Ankati akumanga kompyuta yosewerera magemu, ndipo yotereyi sagula yathunthu ngati wailesi, umasankha wekha chiwalo chilichonse.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma mayina a zinthuzo ndinawagwira chifukwa ankandifotokozera ndikuswa mtedza pakhonde. Madabodi ndi chithabwa chimene zonse zimakhalapo. Purosesa ndi kanthu ngati bisiketi, koma sikakhala pa madabodi iliyonse, ndiye anadikira mpaka atapeza zogwirizana. Ramu anagula ziwiri zofanana, anamubweretsera dalaivala wina wochokera ku Joni. Nditamufunsa kuti bwanji osagula imodzi yaikulu, anati, "Amayi, munaonapo ngolo ikukokedwa ndi ng'ombe imodzi?"

Chinatsala chinali chimodzi, khadi lotulutsa zithunzi. Ankati popanda limenelo gemu imayenda ngati ine ndikamakwera zitunda za kwa Kanduku. Manachesi asanapse anadwala mwadzidzidzi, ndipo tinamuika khadilo asanagule.

Titameta, achimwene anga, omwe ndi mwini mbumba, anayala mphasa pabwalo kuti agawe katundu wa malemu. Malaya, nsapato, jekete, zonse zinapita ine ndikuonerera. Ndi mwambo, aliyense atenge chokumbukira. Kenako anatulutsa makatoni aja, ndi chibokosi chachitsulo cha galasi mbali imodzi chimene mwana wanga ankachitcha kesi.

"Kafani aka apatseni azakhali ake, kwawo kumatentha," anatero achimwene. "Chibokosichi chipite kwa mng'ono wanga, azisungiramo matambula. Sikirini atenge msuweni wake."

Ndinaimirira. Mayi wofedwa saimirira pamwambo wotere, amakhala pansi nkhope ili pansi.

"Achimwene, bwezerani m'makatoni."

"Chemwali, khalani pansi. Tikugawa."

"Mwana wanga munamuika wathunthu. Ichi simuchiduladula ngati mbuzi ya pamaliro."

"Ndiye muzitani nacho? Inu foni yomwe amachita kukuyimbirani ana a eni."

Ena anaseka ataweramitsa mitu. Ine ndinati, "Ndichimaliza."

Achimwene anabwezera kafani kaja m'katoni. Si munthu woipa, koma sakonda kutsutsidwa pagulu. Anati, "Chabwino. Mvula ikagwa chisanayake, ndidzayalanso mphasa."

Pamsika wa paboma pali mayi wina wokonza mafoni amene ankacheza ndi mwana wanga za zinthu zimenezi. Ndinapita kukamupempha. Anabwera Lamulungu masana, n'kumanga zonse mu kesi muja, akupukuta misozi ndi phewa chifukwa manja anali otanganidwa.

"Amayi, zonse zilipo, kwatsala khadi lokha," anatero. "Koma khadi sagula ndi maso. Liyenera kukwana mkatimu, komanso kabokosi kogawa magetsi aka kayenera kutha kulidyetsa. Muli ndi tepi tiyeze?"

Tepi ndinalibe. Ndinatuluka, n'kusolola bango pampanda, kuyeza mpata umene anandilozera, n'kudula. Iye anangoti kukamwa yasa. Kwathu kuno bango lodulidwa chonchi limakhala loyezera munthu womwalira, kuti adzukulu akumbe manda omukwana. Nkhani inafika kwa achimwene dzuwa lisanalowe, ndipo anatumiza mawu akuti ndikuitana imfa ina pakhomo. Ndinawabwezera mawu akuti yoyambayo inabwera ndisanaiitane.

Manachesi atapsa ndinagulitsa a mitengo yonse ya kuseri kwa nyumba, ndi mbuzi zanga. Tinakwera minibasi ya ku Blantyre, ine ndi mayi wa mafoni uja, bango lili m'manja. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando ataliona anasendera kuwindo. Kondakitala analoza bangolo n'kunena kuti, "Mayi, nanga mnzanuyo alipira yekha?" Ndinati akhala pamiyendo, salipira.

Ku Limbe tinalowa m'kasitolo kodzaza mawaya, kogulitsa zida za makompyuta zogwirapo kale ntchito. Mwini wake ataona bango anabwerera m'mbuyo akuseka.

"Iii, mayi, mwabwera kudzayeza ndani muno?"

"Woyezedwa ndinamuyeza kale. Tionetseni makhadi."

Anasiya kuseka, n'kuyala makhadi pagalasi. Lina linali laling'ono, la fani imodzi. Lina la mafani awiri. Lina linali chimphona, cha mafani atatu, cholemera ngati njerwa, ndipo anati chikayaka chimatulutsa kuwala kwa mitundumitundu.

Mtima wanga unapita pa lalikululo. Mwana wanga tinamuika m'bokosi la matabwa osapala bwino, lokhoma mwachangu. Pa moyo wake wonse ankavala za pakaunjika, sindinamugulirepo chinthu choti anthu n'kucheuka. Ndinkafuna kamodzi kokha ndimutengere chachikulu koposa, choti achimwene akachiona asowe chonena.

"Ili," ndinatero.

"Amayi, yezani kaye," anatero mnzanga wa mafoni uja.

Ndinagoneka bango pamwamba pake. Khadi linapitirira ndi zala zingapo.

"Tikadula kesi," ndinatero.

"Mukadula kesi, nanga magetsi?" anafunsa wogulitsa. Mnzanga anamuuza mphamvu ya kabokosi kathu kogawa magetsi, iye n'kupukusa mutu. "Ili ndi ladyera, mayi. Lizizima pakati pa gemu, mwinanso kuwotcha zinzake. Ine ndikhoza kukugulitsani, koma mudzanditukwana."

Ndinakana. Ndinati sindinachoke ku Mwanza kudzauzidwa zochita ndi ana. Ndinaligwira ndi manja awiri ngati wina akufuna kundilanda. Mnzanga sanalimbane nane. Anangonena chapansipansi kuti, "Mwana wanu ankabwera kubenchi kwanga kudzayang'ana la mafani awirili pafoni. Kesi anaigula ataliyeza ilo. Kabokosi ka magetsi anakasankhira ilo. Lalikululi mukugulira achimwene anu, osati iye."

Mawuwo anandiwawa chifukwa anali oona. Ndinatula chimphona chija. Ndinagoneka bango pa la mafani awiri, ndipo kunatsala kampata kolowa chala. Ndinauza wogulitsa kuti aliyatse ndikuona, chifukwa mbuzi zanga sizinapitire chinthu chakufa. Analilumikiza pa kompyuta yake, mafani n'kuzungulira, zithunzi n'kutuluka.

Titafika kunyumba magetsi anali atazima. Anayaka mawa lake masana. Mnzanga analowetsa khadi, linalira kuti khe, n'kundiuza kuti batani ndidine ndine. Ndinadina. Mafani onse anayamba kuzungulira kuseri kwa galasi, sikirini inawala. Anaikamo gemu imene mwana wanga ankaifuna, yoyendetsa thiraki pamsewu wautali. Munthu wothamangira mapepala a eni mathiraki ankangofuna kukhala pachiwongolero. Ndinakhala pampando wake, ndinayendetsa, ndipo ndinagwera m'ngalande ndisanatuluke n'komwe pageti. Ndinaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira.

Achimwene anabwera mitambo itayamba kuda chakumalire. Anaima pakhomo.

"Ndamva kuti chayaka."

"Lowani mudzatenge gawo lanu."

"Gawo lanji?"

"Khalani pampandopo. Aliyense wofuna chokumbukira azibwera kudzayendetsa. Koma palibe chotuluka m'nyumba muno, ngakhale kawaya."

Anakhala monyinyirika, chipewa chili pabondo. Ndinawaonetsa mabatani. Anayenda pang'ono, n'kuwomba mtengo wa magetsi, thiraki gada.

"Mabatani akewa ngolakwika," anatero.

"Mabatani ali bwino, achimwene. Dalaivala ndiye wa chiphaso chogula."

"Tabwezerani poyamba, chemwali. Ndinali ndisanakonzeke."

Ndinawabwezera. Ali mkati molimbana ndi kona, madontho anayamba kugunda pamalata. Sanacheuke n'komwe. Ine ndinatuluka kukachotsa zovala pachingwe, ndipo mphasa yogawirapo katundu ija ndinaipinda n'kuilowetsa m'nyumba kuti isanyowe.