Disiki ya pansi pa mpando wa alamu anga

Mwana wa mlongo wanga, dzina lake lenileni tinaliiwala kalekale. Tonse timamutchula kuti Osadina, chifukwa ndiwo moni wake. Munthu akangolowa m'kashopu kake atanyamula kompyuta yodwala, asananene n'komwe kuti mwaswera bwanji, mtsikanayu amakhala atakuwa kale kuti, "Osadina chilichonse!" Ine ndimakhulupirira kuti tsiku lomwe anabadwa anawauza azamba mawu omwewa.

Anabadwa ndi manja oyabwa. Ali ndi zaka zisanu anamasula wailesi yanga yonse n'kuimanganso, ndipo kuyambira tsiku limenelo inkagwira nkhani za mayiko amene sanatulukiridwebe. Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya ukalaliki, ya mpando wozungulira, koma patatha zaka ziwiri anaisiya n'kukatsegula kashopu pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Kachipindako n'kakang'ono moti ukafuna kuyetsemula umayamba watuluka panja. Muli tebulo limodzi, makompyuta awiri, ndi mawaya okwana kumanga dziko lapansi katatu n'kutsalako oyanikira zovala.

Bambo ake, alamu angawo, sizinawasangalatse. Iwo ndi dalaivala wa lole ya kampani ina yonyamula zipangizo zomangira nyumba, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri sanagundepo ngakhale nkhuku. Anthu akawafunsa za mwana wawo ankangoti, "Amapukuta fumbi m'mawailesi a eni." Zaka zisanu zinatha asanapondeko kushopuko.

Ndiye Lachiwiri lina masana, pageti la kampani, lole yawo inapezeka itapsompsonana ndi galimoto yatsopano ya bwana wamkulu. Bwana anati lole ndiyo inatsetsereka n'kugunda galimoto yawo itangoima. Alamu anati iwo anali ataima, bwanayo ndiye anabwerera m'mbuyo foni ili kukhutu. Mlonda wa pageti anati nthawi imeneyo ankayang'ana mitambo.

Loleyo ili ndi kamera yoyang'ana kutsogolo, yomwe imasunga zonse pa hadi disiki ya pansi pa mpando. Tsoka ilo, makaniko anazula batire kamera ikujambulabe. Atailumikiza disikiyo ku kompyuta ya muofesi, inakana kutseguka. Bwana anaseka, nawapatsa alamu disikiyo.

"Tengani, muzikatsekera chitseko kunyumba. Lachisanu m'mawa tikumana. Ngati mulibe umboni, mudzasiye makiyi."

Lachitatu m'mawa ndinawaperekeza kushopu, disiki ataikulunga m'kampango ngati dzira.

"Osadina chili... Aa, adadi? Mwasochera?"

"Ndabwera ndi wodwala," anatero alamu, maso ali pansi.

"Kompyuta ya kuofesi inanena chiyani?"

"Inafunsa ngati tiifomate, kufufuta zonse zili momwemo. Chala cha kalaliki chinali chitafika kale pabatani. Ndinamugwira dzanja."

"Lero mwandinyaditsa, adadi. Khalani pansi. Malume, inu imani, mpando ndi umodzi."

Anailumikiza, nayandikiza khutu ngati namwino womvera mtima. Sinkagogoda, inkazungulira bwinobwino. Anatiuza kuti thupi lili bwino, wasokonezeka ndi mutu. Zili ngati nyumba yosungiramo katundu imene katundu yense alimo, koma buku losonyeza pomwe pali chilichonse lang'ambika. Kompyuta ikapanda kuona bukulo imangoti m'nyumbamo mulibe kanthu.

"Ndiye ukonze bukulo msanga," anatero bambo ake.

"Pa disiki iyi sindilembapo ngakhale kadontho. Ndiyamba ndakopera zonse ku ina, zabwino ndi zowola zomwe. Zolakwitsa zanga ndikalakwitsire kumeneko."

Kukoperako kunatha tsiku lonse. Kamzere kobiriwira kosonyeza pomwe kukoperako kwafika kankayenda pang'onopang'ono moti nkhono inatipitirira kawiri n'kutipatsa moni. Alamu anaonda ndikuwaona, lamba anamuboola mabowo atatu atsopano.

Lachinayi m'mawa Osadina anali atasesa disiki yachiwiri ija ndi pulogalamu yomwe imanunkhiza poyambira kanema aliyense popanda buku. Makanema anatuluka zikwi khumi ndi chimodzi, aliyense wa mphindi zitatu. Ine ndinayamba kuvina. Iye sanaseke.

"Malume, sungani miyendo. Abwera opanda mayina, manambala okhaokha. Wotchi ya kamera inafa kale, aliyense akuti ndi tsiku loyamba la chaka. Komanso disiki ikadzaza imayambiranso koyamba, ndiye a Lachiwiri akhoza kukhala paliponse."

Tinayang'ana zithunzi zake. Msewu, msewu, geti, msewu. Kuti tionere onse tikanamaliza zidzukulu zathu zitapuma pantchito.

"Koma a tsiku limodzi amagona moyandikana," anatero. "Tikapeza mmodzi wa Lachiwiri, enawo ali pambali pake. Maso alephera, tiyese makutu."

Anayatsa sipika. Apa m'pamene banja lathu linadziwa kuti alamu anga, munthu amene kunyumba amalankhula mawu asanu pa sabata, akakhala okha m'lole amalalikira. Mawu awo anadzaza kachipinda konse: "Alamu anga aja akabwera kudzacheza, mpando umapempha tchuthi..."

"Zimitsa! Zimitsa chinthucho!"

"Adadi, sankhani. Chinsinsi kapena makiyi?"

Anatuluka thukuta lokwana kuchapira lole. Vuto linali lakuti iwo eni sankakumbuka zomwe analankhula Lachiwiri. Munthu mmodzi yekha padziko ndiye amadziwa masiku awo potengera madandaulo. Anatulutsa foni n'kuitana akazi awo.

Achemwali anga anafika, nakhala pampando uja, chikwama pamiyendo ngati woweruza. Osadina ankadumpha makanema zana n'kutsegula mmodzi.

"Amandibisira shuga mayi amene uja, ngati ndine mwana..."

"Umenewo ndi mwezi watha," anatero achemwali osaphethira. "Tikakambirana. Pitiriza."

"Bondo ili likanakhala tayala ndikanalisintha..."

"Nthawi ya kuzizira. Pitiriza."

Ometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka n'kubwera pakhomo. Osoka nsapato anabwera ndi mpando wawo. Pofika masana alamu anali atanyoza aneba, abusa, apongozi, ndi agalu onse a mumsewu wathu mmodzimmodzi.

Kenako panatuluka wina, mawu ali otsika: "Mwana wanga uja mutu ali nawo. Kuposa tonse. Koma ndikamuuza adzakula mtima."

Osadina anayang'anitsitsa kompyuta, akuti m'maso mwalowa fumbi. Alamu ankawerenga mawaya a kudenga.

"Pitiriza, mwanawe," anatero mayi ake mofatsa.

Patapita makanema ena makumi atatu tinamva: "Nsapato izi zili ndi mano. Anandigulira nsapato kapena ng'ona?"

"Ima pomwepo!" Achemwali anamenya tebulo. "Ndinagula Lolemba madzulo, anavala Lachiwiri, sanazivalenso. Ndi tsiku lomwelo!"

Osadina anayamba kutsegula oyandikana nawo mmodzimmodzi. Wa khumi ndi chinayi anaonetsa geti. Lole itaima chilili, mpanda osasuntha. Kutsogolo galimoto yonyezimira ikubwerera m'mbuyo, bwana foni kukhutu, dzanja linalo likulalikira m'mwamba. Mawu a alamu: "Bwana... bwana... bwanaaa!" Kenako phwaa!

Mfuu umene unatuluka m'kashopumo unagwetsa mapepala a pakhoma. Munthu wometedwa theka uja anandikumbatira ngati m'bale wake. Tinamuonera kanemayo kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse bwana ankagundabe.

Lachisanu Osadina anavala jekete n'kupita nawo bambo ake, laputopu kukhwapa. Makope anapanga atatu: lina m'chikwama, lina m'thumba, lina anasungitsa mayi ake. Akuluakulu a kampani anaonera kawiri. Bwana anatsokomola, namwa madzi, nanena kuti magalasi a galimoto za masiku ano amanamiza. Wamkulu wa antchito anakankhira kwa alamu makiyi amene iwo anali atawaika patebulo.

Masana omwewo msewu wa kushopu unatsekeka. Alamu anaimika lole yonse pakhomo pa kachipinda kaja n'kuliza hutala mpaka nkhunda za tauni yonse zinasamuka. Oyendetsa magalimoto kumbuyo ankatukwana, koma iwo anatulutsa mutu pawindo, nakuwa kuti aliyense amve:

"Dikirani, abale! Ndikutsitsa injiniya!"